Maola 100 okhala chete: zolemba za chaka changa choyamba pa uphungu

Ndaphunzitsa ana asukulu zaka 9. Chaka chino ndayamba kuphunzira ntchito ina, ya uphungu wa za thanzi la maganizo, madzulo ndi Loweruka, masana ndikadali ndi choko m'manja. Kuti ndimalize gawo loyamba ndiyenera kukhoza za m'kalasi komanso kukwanitsa maola 100 okhala pansi ndi anthu enieni, pali wondiyang'anira. Zolembazi ndi zowerengera maolawo, ndi zina zimene sizikwana pa fomu. Anthu amene ndakhala nawo ndawasinthira zaka, ntchito ndi chilichonse chowazindikiritsa.

Januwale. Maola: 0

Mwezi wonse wathera pa kulekanitsa zinthu zimene ndinkaziona ngati chimodzi. Dokotala wa matenda a maganizo anayamba waphunzira thupi lonse, ndipo ndiye amalemba mankhwala. Katswiri wa sayikoloje amayeza kaganizidwe ndi zipangizo zake, amathandizanso pokambirana, koma sukulu yake ndi yaitali. Wa zachisamaliro cha anthu amathamanga ndi nkhani za pakhomo, za ana, za malamulo. Phungu chuma chake ndi mipando iwiri, chitseko chotseka bwino ndi mphindi 50.

Ndisanalowe sukulu ino ndinapsa kale kamodzi. Chaka chatha ndinalipira kosi ya pa intaneti ya masabata 6, n'kupatsidwa satifiketi yokongola ya chidindo chagolide. Nditapita nayo kumalo ena kukapempha kuti ndizithandizako, mayi amene anandilandira anaitembenuza kumbuyo ngati kuli zina zolembedwa, n'kundifunsa funso limodzi lokha: “Pa kosiyi, ndani anakuonanipo mukucheza ndi munthu?” Panalibe. Safunsa anadya phula, ine ndinadyera limodzi ndi chidindo chomwe.

Ndiye aliyense wondifunsa za sukulu ndimamuuza kuti ayambe wafufuza ngati bungwe lolembetsa aphungu m'dziko lake limaizindikira sukuluyo, poti malamulo ake amasiyana kutalitali. Ku United States, masukulu ovomerezedwa ndi bungwe la CACREP amapereka digiri yachiwiri, mkati mwake muli maola 100 oyeserera kenako maola 600 a ntchito yeniyeni. Ukamaliza, boma la dera lako limafunanso maola ena oyang'aniridwa, kawirikawiri 2,000 mpaka 3,000, lisanakupatse laisensi yodziimira pawekha. Ku Britain dzina loti phungu silitetezedwa ndi lamulo, munthu angathe kungodzuka m'mawa n'kulilemba pachitseko. Chosiyanitsa kumeneko ndi kulembetsa ku mabungwe ngati BACP, lomwe limafuna maola 100 oyang'aniridwa ukadali pasukulu, ndi maola 450 kuti likuvomereze mokwanira. Kulikonseko chimene akuwerenga ndi maola amene wina wodziwa anakuyang'ana ukugwira ntchito.

Febuluwale. Maola: 0, oyeserera 4

Tayamba masewero. Timakhala atatu: wina phungu, wina wobwera ndi vuto, wina woonerera. Timajambula mawu pa foni mphindi 10, kenako kunyumba umalemba liwu lililonse, mpaka “eee” ndi “mmm” womwe. Mphindi 10 zinanditengera maola awiri kulemba, ndipo sindinayambe ndachitapo manyazi ndi mawu anga ngati usiku umenewo.

Mnzanga ankasewera ngati mayi amene mwana wake wasiya sukulu. Nditawerenga mizere, yanga inali yambiri kuposa yake. Ndinamudula mawu kasanu. Ndinapereka malangizo 7, loyamba atangolankhula mphindi imodzi. Penapake iye anati, “Usiku sindigona, ndimangoganiza kuti ndinalakwa pati,” ine n'kuyankha kuti, “Mwayesapo kukaonana ndi ahedi?” Munthu akutsegula chilonda, ine ndikumusonyeza njira ya ku ofesi.

Vuto lina lili m'dzina lenilenilo. Tikati uphungu, khutu limamva malangizo. Phungu m'chilankhulo chathu ndi munthu wamawu, wodziwa, amene umapita kwa iye kuti akuuze chochita. Ine ndinalowa sukuluyi chifukwa anthu ankandiuza kuti ndimalangiza bwino, ndipo ndinkayesa kuti ndabwera kudzanola mpeni umene ndili nawo kale. Mayi amene amatiphunzitsa luso lomvetsera, omwenso adzakhale ondiyang'anira, atamvera tepi yanga anangoti, “Aphunzitsi, choko mukachisiye ku sukulu kwanu.” Dzina lija landikanirira. Ndikangoyamba kulalikira m'kalasi, onse amati “aphunzitsi afika.”

Chondipepesa n'choti nthendayi si yanga ndekha. M'zaka za m'ma 1970, Mary Budd Rowe anayeza nthawi imene aphunzitsi amadikira akafunsa funso, n'kupeza kuti ndi pafupifupi sekondi imodzi. Akaphunzitsidwa kudikira masekondi atatu kapena kuposa, ana ankayankha motalikirapo, ndi ofatsa omwe ankakweza mkono. Madokotala nawonso ali momwemo: kafukufuku wa Beckman ndi Frankel wa mu 1984 anapeza kuti wodwala akayamba kufotokoza chomwe chamubweretsa, amadulidwa pakatha masekondi 18 okha, kutengera onse pamodzi. Ine ndi zaka zanga 9 ndinali katswiri wa sekondi imodzi ija.

Malichi. Maola: 0, oyeserera 11

Mwezi wa Carl Rogers, katswiri wa sayikoloje wa ku America. Mu 1957 iye analemba nkhani yaifupi yonena kuti pali zinthu 6 zimene zikakhalapo munthu amasintha, kaya phungu akutsata njira iti. Zitatu zotchuka ndi za phungu: akhale weniweni osavala nkhope yobwereka, amulandire munthuyo popanda “koma”, ndiponso ayesetse kuona zinthu ndi maso a mwini vutoyo. Poyamba ndinaziona ngati zofewa kwambiri, zoti aliyense wamtima wabwino amachita kale. Chandigwira ndi chachisanu ndi chimodzi, chimene anthu satchula kawirikawiri: munthuyo azindikire, ngakhale pang'ono, kuti walandiridwa ndiponso wamvedwa. Chifundo chokhala mumtima mwa phungu chokha sichiwerengedwa. Chiyenera kuwoloka kuchoka pampando wanga kufika pa wake.

Chimawoloka bwanji? Apa ndi pamene pali ntchito ya manja. Kubwereza mwachidule zimene wanena m'mawu ako, kuti akukonze ngati waphonya. Kutchula chimene ukuona kuti akumva, mosakakamiza: “Ndikumva ngati mwatopa ndi kuoneka olimba.” Kufunsa mafunso osayankhika ndi inde kapena ayi. Atiletsa mawu awiri amene ndinkawakonda. Loyamba ndi “ndikumvetsa”, poti nthawi zambiri umalinena usanamvetse kanthu, ndipo limatseka nkhani ngati chivundikiro. Lachiwiri ndi “chifukwa chiyani”. Yesani kufunsa munthu wolira kuti “munachitiranji zimenezo?” muone mmene amakhalira ngati ali pabwalo la milandu. “Chinkachitika n'chiyani tsiku limenelo?” limafuna zomwezo koma silikhala ndi chala choloza.

Sindikuvomereza zonse za Rogers. Iye ankati zinthu zimenezi n'zokwanira pazokha, koma munthu amene amasamba m'manja maulendo 40 pa tsiku chifukwa cha mantha amafunika njira yodziwika yomuthandizira, kumumvetsera kokha sikungamumasule. Tikafika pa Aaron Beck ndi njira yake yofufuza maganizo ongobwera okha m'mutu, imene anaiyamba m'ma 1960 ku Philadelphia, mwina mtima wanga wauphunzitsi udzapezako mpumulo. Kumeneko kuli ngakhale ntchito yokachitira kunyumba.

Epulo. Maola: 0, oyeserera 15

Mayeso a malamulo ndi khalidwe la ntchito: ndakhoza. Nkhani imene sindidzaiwala ndi ya Tarasoff. Mu 1969 wophunzira wina pa yunivesite ya California ku Berkeley anauza katswiri amene ankamuthandiza kuti akufuna kupha mtsikana wina, Tatiana Tarasoff. Apolisi apasukulu anamugwira n'kumumasula, mtsikanayo ndi makolo ake osauzidwa kanthu, ndipo patapita miyezi iwiri wophunzirayo anamuphadi. Mu 1976 khoti lalikulu la California linagamula kuti wothandiza ali ndi udindo woteteza munthu amene ali pangozi. Lamuloli ndi la kumeneko, maiko ena ali ndi awo, koma funso lake limafika m'chipinda chilichonse: chinsinsi chimathera pati?

Mawu oyambira amene ndizidzauza munthu aliyense pa tsiku loyamba ndawalemba kasanu. Omaliza ndi awa: “Zimene tikambirane muno zithera muno. Pali malo atatu okha amene ndingatuluke nazo: moyo wanu ukakhala pangozi, moyo wa munthu wina ukakhala pangozi, kapena mwana akamachitidwa nkhanza. Zikatero ndidzayamba ndakuuzani inuyo. Komanso ndine wophunzira, ntchito yanga ndimakambirana ndi wondiyang'anira.” Chiganizo chomalizachi ndinkafuna kuchimeza, kuopa kuti andiderera. Mayi otiphunzitsa aja anati munthu amene wayamba ndi kubisa kuti ndi wophunzira wayamba kale kunama.

Meyi. Maola: 0, oyeserera 22

Taphunzira mafomu oyezera. PHQ-9, ya kuvutika maganizo, ili ndi mafunso 9 okhudza masabata awiri apitawo: tulo, chilakolako cha chakudya, kutopa, kusasangalala ndi zimene unkakonda, kudziona ngati wolephera, ndi zina. Funso lililonse limapatsidwa 0 mpaka 3, zonse pamodzi 27, ndipo kuyambira pa 10 m'pamene umayenera kutchera khutu kwambiri. GAD-7 ndi ya nkhawa, mafunso 7, imathera pa 21. AUDIT ndi ya mowa, mafunso 10. Zonsezi ndi sefa chabe, sizinena kuti munthu akudwala chakuti.

Funso lachisanu ndi chinayi pa PHQ-9 ndi la maganizo oti bola kufa kapena ofuna kudzivulaza. Pa sewero ndinalilumpha. Sindinachite dala, maso anangotsetsereka n'kufika pa kuwonkhetsa. Atandibweza, ndinafunsa kuti, “Simuganizako zinthu zoipa, eti?” Onani mmene funsoli lamangidwira: ndamuuza kale kuti zinthuzo ndi zoipa, ndamuuzanso yankho limene ndikufuna. Munthu waulemu aliyense angayankhe kuti ayi, kundichitira chifundo ine.

Tinakhala Loweruka lonse tikubwereza chiganizo chimodzi mokweza, aliyense kwa mnzake, mpaka lilime litazolowera: “Kodi mwakhala mukuganiza zodzipha?” Ulendo woyamba mawu anga anatuluka ngati a munthu wotsamwa. Mantha anga anali aja a anthu ambiri, oti ukalitchula ndiye kuti wamupatsa nzeru. Kafukufuku wabwerezedwa kambirimbiri ndipo sanapeze zimenezo: kufunsa sikudzala maganizowo, ndipo ambiri amapepukidwa kuti wina walimba mtima kuwafunsa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse padziko lonse. Ambiri mwa iwo anakhalapo pamaso pa munthu wina amene maso ake anatsetsereka ngati anga.

Akayankha kuti inde, sutha ndi kumulumbiritsa kuti sachita. Malonjezo oterowo amatonthoza phungu yekha. Timafunsa ngati pali njira imene waganiza, ngati ali nayo pafupi, ngati anayesapo kale, kenako timalemba naye limodzi dongosolo lodzitetezera, lija anakonza Barbara Stanley ndi Gregory Brown: zizindikiro zoti mdima ukubwera, zimene angachite payekha kuti nthawiyo idutse, anthu ndi malo omuchotsa maganizo, amene angawaimbire, achipatala, ndi kuchotsa pafupi chinthu chimene angadzivulaze nacho. Chomalizachi ndinkachiona chachibwana, ndimati wofuna kufa apeza njira ina. Koma nthawi yoopsa kwambiri imakhala yaifupi, ndipo chinthu chikakhala patali ambiri amaidutsa ali moyo. Sri Lanka italetsa mankhwala ena oopsa ophera tizilombo m'minda kuyambira m'ma 1990, chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi kupitirira theka.

Juni. Maola: 0

Palibe chayenda. Malo awiri amene ndinapempha kukagwirako ntchito sanayankhe, achitatu anati alibe chipinda. Kusukulu kwanga ndi nyengo yochonga mayeso. Mabuku a uphungu sindinawatsegule masabata atatu.

Julayi. Maola: 5

Malo apezeka, Lachitatu madzulo ndi Loweruka m'mawa. Chipinda n'chaching'ono, chili ndi zenera limodzi ndi wotchi imene ndaisuntha kuti ikhale kumbuyo kwa mpando wa mlendo, ndizitha kuona nthawi osagwedeza mutu. Tebulo ndalikankhira kukhoma. Mipando sindinaiyang'anitse maso ndi maso, ndaipendeketsa pang'ono kuti munthu akafuna kuthawitsa maso akhale ndi kothawira.

Munthu wanga woyamba sanabwere. Ndinakhala mphindi 50 ndi fomu yopanda kanthu, nditavala malaya amene ndinasita kawiri. Wachiwiri anabwera, ndipo zimene ananena m'mphindi 15 zoyambirira sindikuzikumbuka bwino, poti m'mutu mwanga munali phokoso la ine mwini: manja ndiike pati, ndifunse chiyani akamaliza, kodi ndikugwedeza mutu mopitirira? Nditatuluka malaya anali atanyowa kumsana.

Ogasiti. Maola: 17

Mwezi uno ndataya munthu, ndipo ndikufuna ndilembe bwinobwino mmene zinachitikira.

Bambo wina wachikulire, ntchito inamuthera miyezi ingapo yapitayo. Ulendo woyamba anafotokoza mwadongosolo ngati akupereka lipoti: ngongole, makalata ofunsira ntchito, ana. Chakumapeto, akuimirira kale, anati, “Kunyumba sakudziwa. M'mawa uliwonse ndimavala n'kutuluka.” Ndinamva, ndinalemba m'kope. Sabata yonse ndinakonzekera ngati mayeso. Ulendo wachiwiri ndinabwera ndi pepala: mmene angakonzere kalata yake ya ntchito, mmene angakambirane ndi amene ali nawo ngongole, nthawi yogona ndi yodzuka. Iye analandira ndi manja awiri, anathokoza kwambiri, analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la malaya. Lachitatu lotsatira mpando unali wopanda munthu. Linalo chimodzimodzi.

Ndinapita kwa ondiyang'anira ndili ndi yankho langa kale, loti bamboyo sanali wokonzeka kusintha. Mayi aja anawerenga zolemba zanga mwakachetechete, n'kuika chala pa mzere uja wa kuvala ndi kutuluka.

“Apa munayankha kuti chiyani?”

“Nthawi inali itatha, Mayi.”

“Nanga sabata yotsatira, munayambira pamenepa?”

Sindinayankhe.

“Amapita kuti akatuluka m'mawa?”

“Sindinawafunse.”

“Munthu wasenza chinthu miyezi yonseyi, mkazi wake osamuuza, n'kudzachitula pakhomo panu akutuluka. Anthu amatero, cholemera amachinena dzanja lili pachitseko, kuti mukachikana asachite manyazi nthawi yaitali. Anabweranso kudzaona ngati mwachitola. Anapeza pepala.”

Ndinafuna kudziteteza kuti zonse zinali papepalapo zinali zoona ndi zothandiza. Iwo anavomera kuti zinali zoona. Anandikumbutsa za Edward Bordin, amene mu 1979 anafotokoza kuti mgwirizano wa phungu ndi munthu wake umaima pa miyendo itatu: kugwirizana kumene mukupita, kugwirizana zimene muzichita kuti mukafike, ndi kukhulupirirana. Ine ndinasankha ndekha kopita, ndinasankha ndekha zochita. Bamboyo sanabwere kudzafuna ntchito, njira zofunira ntchito ankazidziwa kuposa ine. William Miller ndi Stephen Rollnick, amene anakonza njira yokambirana ndi anthu a vuto la mowa, analemba za chibadwa chimenechi cha othandiza, chongofuna kuwongola chilichonse chooneka chokhota, ndi mmene chimachititsira munthu kuumirira pomwe ali kapena kungosowa mwaulemu. Wanga anasowa mwaulemu.

Anandifunsanso kuti pepala lija linkathandiza ndani. Funsoli ndinakagona nalo. Manyazi a bambo uja ankandiwotcha ine, ndipo pepala linali njira yanga yotulukira m'chipindamo ndikadali pampando.

Tinagwirizana kuti ndimutumizire uthenga umodzi waufupi, malinga ndi malamulo a pamalopo, wonena kuti nthawi yake ilipobe ngati angafune. Sanayankhe.

Seputembala. Maola: 33

Mayi wina wakhala akudandaula kutopa, kuiwalaiwala, kunenepa, kuzizidwa pamene ena akumva kutentha. PHQ-9 inafika pa 14. Mwezi wa Meyi ndikanangoti ndi matenda a maganizo basi. Koma kuzizidwa kuja kunandikayikitsa, ndipo ondiyang'anira anati apite akayezetse magazi uku tikupitiriza kukumana. Chithokomiro chikamagwira ntchito mofooka chimabweretsa zizindikiro zofanana kwambiri ndi za kuvutika maganizo, kuchepa kwa magazi nakonso kumatopetsa chimodzimodzi. Ndayamba kulemba kumbuyo kwa kope langa zinthu zimene si zanga: munthu womva mawu amene ena sakuwamva, wosagona masiku angapo koma mphamvu zili tayale, womwa mowa kwambiri amene wasiya mwadzidzidzi n'kuyamba kunjenjemera ndi kusokonezeka, mayi wongobereka kumene amene wayamba kulankhula zosamveka. Amenewa ndi a kuchipatala, ena tsiku lomwelo.

M'kalasi munabuka mkangano wabwino. Mnzathu wina anafunsa kuti ngati agogo a Friendship Bench ku Zimbabwe amathandiza anthu ataphunzitsidwa masiku owerengeka, ife tikuvutikiranji zaka? Ntchito imeneyi anaiyambitsa dokotala Dixon Chibanda ku Harare: amayi achikulire amakhala pa benchi panja pa chipatala, n'kumakumana ndi munthu maulendo 6, kumuthandiza kusankha vuto limodzi ndi kupeza yekha chochita. Vutolo m'Chishona amati kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri, mawu amene ifenso timawadziwa bwino. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016, ndipo amene anakhala pa benchi anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Chaka chomwecho WHO inatulutsa buku la PM+, lothandizira anthu kuthana ndi mavuto, la maulendo 5 a mphindi 90, lolembedwera anthu amene si akatswiri.

Ine ndili kumbali ya agogowo, ndipo sindikuona kuti akutilanda kanthu. WHO inawerengera kuti mu 2019 munthu mmodzi mwa 8 aliwonse padziko anali ndi vuto la maganizo. Akatswiri okhaokha sangakwane, ngakhale masukulu onse atatsegula usiku. Koma amene amatchula benchi pofuna kunena kuti maphunziro ndi achabe amaiwala kuti agogowo ali ndi njira yolembedwa imene amatsata, ali ndi owayang'anira, ndiponso amadziwa munthu woyenera kumutumiza pamwamba. Kusukulu tikuphunzira kudzakhala amene munthu wotumizidwayo amamupeza. Chinanso chimene ndinaona, n'kungochisunga mumtima: ngakhale njira yawoyo, yotchedwa yothetsa mavuto, agogo sapereka yankho. Amafunsa mpaka mwiniwake atalitchula.

Okutobala. Maola: 46

Ndayamba kudzuka 3 koloko usiku ndi nkhani za anthu m'mutu. Kusukulu ndinakalipira mwana chifukwa cha cholembera, mpaka kalasi yonse inangoti zii. Kunyumba akandifunsa kuti zayenda bwanji ndimangoti bwino, poti zambiri sindingathe kunena, ndipo ukayenda umasiya phazi, mlomo ukausiya umakutsata. Kusungira anthu chinsinsi kuli ndi kusungulumwa kwake kumene sanatiuze mu Epulo.

Herbert Freudenberger analemba za kutheratu mphamvu kotereku mu 1974, ataona anthu odzipereka pa kiliniki yaulere ku New York akuzima mmodzimmodzi. Buku la WHO la mayina a matenda, ICD-11, limakutchula ngati vuto lochokera ku ntchito, osati nthenda, ndipo zizindikiro zake ndi kutopa, kuyamba kuuma mtima pa ntchitoyo, ndi kuona ngati palibe chimene ukuphula. Ine ndili pa choyamba. Ndachepetsa anthu a Loweruka kuchoka pa anayi kufika pa atatu, ngakhale kuti maola 100 atalikira.

Sukulu imafuna kuti ifenso tikhale pampando winawo maulendo osachepera 10. Ndinkazengereza, ndimati ndilibe vuto. Ulendo wachitatu ndinapezeka ndikukamba za bambo anga, mmene anakhalira chaka chathunthu pakhomo ntchito itawathera ine ndili ndi zaka 12, ndi mmene ndinkawabweretsera nyuzipepala nditazunguliza ndi pensulo malo a ntchito. Phungu wanga sananene kanthu. Ndinamva ndekha zimene ndanena, ndipo pepala la mu Ogasiti linabwera m'maso mwanga lopindidwa kanayi.

Ndinaonanso kanthu kena kakang'ono. Mphindi zisanu zomaliza iye amatseka kope, n'kunena kuti nthawi yatsala pang'ono. Ndayamba kuchita zomwezo, kuti cholemera chija chizituluka dzanja lisanafike pachitseko.

Novembala. Maola: 58

Zolemba za pambuyo pa kukumana zinkanditengera mphindi 40, tsopano 10. Ndinkalemba ngati nthano. Ondiyang'anira anandiuza kuti ndizilemba ngati mwiniwakeyo adzawerenga mawa, khoti mkuja: zimene wanena, zimene ndaona ndi maso, mmene ndikuganizira, chimene tagwirizana. Mawu ngati “wovuta” kapena “wosamva” achoka.

Tepi ya mwezi uno, yojambulidwa ndi chilolezo cholembedwa, ndaiwerenga ngati ya Febuluwale. Kudula mawu: kamodzi. Malangizo osapemphedwa: awiri, onse m'mphindi 10 zomaliza, pamene ndimayamba kuopa kuti munthu atuluka chimanjamanja. Pamenepo m'pamene pakadali ntchito.

Mtsikana wina amene takumana kasanu amayankha chilichonse ndi “zili bwino”. Lachitatu lapitali anatchula mchemwali wake, n'kuima pakati pa chiganizo. Ndinamva funso likukwera kukhosi, lina pambuyo pake, ndi kalangizo komwe. Ndinakanikiza chala chachikulu cha kuphazi m'nsapato, monga anandiphunzitsira mnzanga wina, n'kuyang'ana wotchi ija kumbuyo kwake. Masekondi 10. Panja wina ankakoka mpando. Masekondi 25, iye akupotokola chingwe cha chikwama chake pachala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhono yake inali ine, ndimafuna kubwerera m'chigoba. Atakwana 40 anati, osandiyang'ana, “Sindinauzepo munthu izi.” Zimene ananena pambuyo pake sizilowa muno.

Kwa ondiyang'anira ndinakafotokoza monyadira ndithu. Iwo anangofunsa kuti ndakonza zotani za Lachitatu likubwerali, poti munthu akaulula chachikulu nthawi zambiri sabata yotsatira amabwera ndi manyazi, kapena sabwera n'komwe. Tagwirizana kuti akabwera ndisayambe ndine kuitchula nkhaniyo, koma ndisachitenso ngati sindinaimve. Mmene ndichitire ziwirizi nthawi imodzi tiyeserera Lolemba, iwo akhala mtsikanayo.

Otsala: maola 42, lipoti la munthu mmodzi la masamba 12 lofunika pofika Januwale, maulendo 6 a uphungu wanga, ndi fomu ya maola a Okutobala imene sinasainidwebe chifukwa ndinaiwala kulemba madeti.